Palibe wamwalira, ndi gitala chabe

Usiku woyamba umene tinaika nyimbo ya gitala yopanda mawu pa wailesi yathu, foni ya mu situdiyo inalira nyimboyo isanathe. Anali amayi ena achikulire, mawu ali pansipansi: "Ana anga, ndani watisiya?" Tisanamalize kuwayankha, mameseji awiri analowa ndi funso lomwelo. Wina anachita kutchula dzina la mkulu amene anali kumuganizira. Tinatsegula maikolofoni n'kulengeza kuti palibe wamwalira, ndi gitala chabe.

Sitinawaseke. Kuno kwathu nyimbo yofatsa yopanda ng'oma imamveka pa wailesi masiku a maliro a dziko, mbendera zitatsitsidwa, mapulogalamu a zosangalatsa ataimitsidwa. Makutu athu anaphunzira zimenezo tikali ana. Komanso tinadziputira tokha, chifukwa nyimbo imene tinasankha inali Lágrima ya Francisco Tárrega, ndipo m'Chisipanishi liwulo litanthauza msozi.

Koma sitinaleke. Tili ndi mphindi 15 Lamlungu lililonse, 10 koloko usiku, nthawi imene anzathu pa wailesi saifuna chifukwa mabasi amakhala atatha. M'mphindi zimenezo timaika gitala ya classical, ndipo funso limene limabwera masiku ano ndi lina: munthu amene sanaimvepo ayambire pati?

Pa intaneti mayankho ndi awiri, ndipo onse tiwakana. Loyamba ndi mndandanda wa akatswiri, umene uyamba ndi nyimbo zazitali ndi zolemera, ngati kuti kusambira munthu amaphunzirira pakati pa Kariba. Lachiwiri ndi mavidiyo aja a maola atatu olembedwa kuti ndi nyimbo zowerengera kapena zogonera, momwe nyimbo zambirimbiri zathiridwa mumphika umodzi, zopanda maina, kuti zizingolira uku mukuchita zina. Amenewo amadya bandulo, ndipo kukacha simukumbuka ngakhale imodzi. Ife tikuti yambani ndi zimene khutu lanu lidziwa kale, sankhani zazifupi, ndipo imodzi muimve katatu musanapite pa ina.

Tiyambe tagwirizana za chida chenichenicho. Ndi gitala ya nsambo 6 ngati ija ya ku tchalitchi, koma nsambo zake ndi za nailoni, osati waya. Kale zinali za matumbo a nkhosa, nailoni inabwera nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Woliza sagwira kapulasitiki kokwapulira. Amaliza nsambo imodziimodzi ndi nsonga za zala ndi zikhadabo. Palibe woimba, palibe ng'oma, palibe wa besi, ntchito ya anthu atatu aigwira munthu mmodzi. Chala chachikulu chimayenda pa nsambo zonenepa ngati babatoni wa kalindula, zala zina zimanyamula nyimbo pamwamba, ndipo pakati pamakhala timawu todzaza mipata. Mukaphunzira kutsata chala chachikulu pachokha, uku zinazo zikuchita zawo, mwapeza khomo. N'chifukwa chake tikupemphani mubwereke mahedifoni ngati mulibe. Sipika ya foni imameza besi yonse, imakusiyirani theka la nyimbo.

Nyimbo yoyamba munaimva kale kambirimbiri, dzina lake chabe ndiye simulidziwa. Ngati munakulira m'nyumba momwe munali ka Nokia kaja kosafa, kamene kankagwa pa simenti batire uku chivundikiro uko, n'kukalumikiza kakugwirabe ntchito, ndiye kuti Tárrega mumudziwa. Kanyimbo kamene foniyo inkalira kanadulidwa mu Gran Vals, imene iye analemba mu 1902. Mwiniwake anamwalira mu 1909, Nokia inayamba kukaika m'mafoni m'zaka za m'ma 1990. Ikani Gran Vals, theka la mphindi lisanathe mudzaseka nokha. Titaiika pa wailesi, mnzathu wa pa makina anayamba kupapasa m'matumba. Gran Vals si nyimbo yozama, ndi kavinidwe ka m'maholo a ku Ulaya, kowerenga katatukatatu. Ubwino wake ndi wakuti imachotsa mantha. Mukaimvanso kachiwiri, siyani kudikira kachidutswa ka foni kaja, mutsate besi mmene ikugunda koyamba pa katatu kalikonse.

Yachiwiri simudzaipeza pa mindandanda ya pa intaneti, ndipo ndiyo tiilimbira kwambiri. Mu 1952 Hugh Tracey, amene ankayendayenda ndi makina ojambulira mawu, anapeza mnyamata wina ku Jadotville, tauni imene lero ndi Likasi, kupitirira Lubumbashi mukaoloka pa Kasumbalesa. Dzina lake anali Jean Bosco Mwenda, nyimbo yake Masanga. Anaijambula pawiri, ina akuimba ndi pakamwa, ina gitala yokha. Funani ya gitala yokhayo. Ndi mphindi zitatu chabe, koma mudzalumbira kuti akuliza ndi anthu awiri. Besi ili ndi ulendo wake, nyimbo ya pamwamba ili ndi wake, zimakumana, zimasiyana, zimakumananso. Kalizidwe kameneka kanakulira m'matauni a migodi a ku Katanga ndi ku Copperbelt kwathu kuno, kotero kwa ambiri a ife si kachilendo. Ndi mmene ankalizira ambuye kapena amalume aja amene anabwerako ku migodi ndi gitala pamsana.

Patapita zaka 50, John Williams, katswiri wa gitala ya classical wobadwira ku Australia, osati uja wa nyimbo za mafilimu a Star Wars, anajambula Masanga pa chimbale chake cha 2002 chotchedwa The Magic Box. Mverani zonse ziwiri motsatizana. Ya Williams ndi yosalala, mawu aliwonse ali pamalo pake. Ya Mwenda ili ndi fumbi, waya ukumveka, ndipo kwa ife ndiyo ipambana. Koma mukamva ziwirizo mwamva zimene nailoni ndi zikhadabo zimachita ku nyimbo, popanda wina kukulongosolerani.

Tidziwa kuti ena anena kuti Masanga si classical. Tiwafunse kuti nanga classical ya gitala yeniyeni ndi iti. Asturias, imene aliyense amaiyesa mfumu ya nyimbo za gitala, Isaac Albéniz anailembera piyano. Johann Sebastian Bach, amene palibe woliza gitala wosamuphunzira, anamwalira mu 1750 asanalembepo kalikonse ka gitala ya masiku ano, zake zinatengedwa ku vayolini, ku cello ndi ku lute. Gitala ya classical inakula ndi zobwereka. Ngati inaloledwa kubwereka ku piyano ya Mspanishi ndi ku vayolini ya Mjeremani, palibe chifukwa chotsekera chitseko mnyamata wa ku Likasi. Nkhaniyi si ya maina chabe. Achinyamata ambiri amene timakamba nawo amati iyi ndi nyimbo ya azungu, ndipo akatero amatseka makutu. Mndandanda umene uyambira ku Spain n'kuthera ku Germany umawauza kuti anena zoona.

Tsopano mungabwerere kwa Lágrima, ija inatiitanira maliro. Ndi ya mphindi ziwiri. Ili ndi mbali yowala, kenako mbali ya mthunzi, kenako yowala ija ibwereranso, koma mukaimva kachiwiri siimvekanso chimodzimodzi chifukwa mwadutsa mumthunzi muja. Palibe chobisika mmenemo, ndipo ndiye ubwino wake. Mnzake ndi Romance, imene ena amaitcha Spanish Romance. Mwini wake sadziwika. Inatchuka pamene Narciso Yepes anailiza mu filimu ya ku France ya 1952 yotchedwa Jeux interdits, ndipo kuyambira pamenepo yalira m'maukwati ndi m'mahotela mpaka kutopetsa. Tiiikabe pano chifukwa zigawo zitatu zija zimaonekera poyera: chala chimodzi chikuimba pa nsambo yopyapyala, ziwiri zikudzaza pakati, chachikulu chikuponda pansi. Iyo iyamba ndi mthunzi n'kupita kowala, mosemphana ndi Lágrima.

Pa Recuerdos de la Alhambra tichedwepo pang'ono. Nayonso ndi ya Tárrega, dzina lake likamba za kukumbukira Alhambra, nyumba yachifumu imene mafumu achisilamu anamanga ku Granada. Gitala ili ndi vuto limodzi lobadwa nalo. Ukaliza nsambo, mawu amayamba kufa pomwepo. Woimba angakoke mawu, wa vayolini angakoke, wa gitala sangathe. Njira yozembera vutoli amaitcha tremolo. Chala chachikulu chiliza besi, kenako chala cha mphete, chapakati ndi cha mkombaphala zimenya nsambo imodzi motsatizana, msangamsanga, mobwerezabwereza, mpaka khutu linamizike kuti likumva mawu amodzi otalika. Amene munaonapo amayi awiri kapena atatu akusinja mumtondo umodzi, munsi uwu ukukwera uwo ukutsika osagundana, mwamva kale mfundo yake. Mmodzi akachedwa pang'ono aliyense pamudzi amadziwa. Pa tremolo n'chimodzimodzi, ndiye chifukwa chake nyimbo yomveka yofewa chonchi imatenga zaka kuti munthu ailize bwino. Iyi yokha tikuti muwononge bandulo muionere pa vidiyo, kamodzi, maso ali pa dzanja lamanja. Mukatero tsekani maso muimvenso. Anthu ambiri amatsata kunjenjemera kwa pamwamba n'kuiwala kuti chala chachikulu chikuyenda pang'onopang'ono pansi, ndipo ndi chimene chikunyamula nyimbo yonse.

Amene mwayamba kuyasamula chifukwa munakulira pa Zamrock ya azibambo anu, pa Paul Ngozi ndi WITCH, Asturias ndi yanu. Mawu amodzi amagogodedwa osaleka pamwamba, chala chachikulu chikuthamanga mozungulira, kenako dzanja lonse limakwapula nsambo zonse ngati chitseko chamenyetsedwa ndi mphepo. Pakati imazizira, imakhala ngati munthu akuyankhula yekha, kenako moto uja ubwerera. Ndi mphindi 6 kapena 7. Ya Ana Vidović wa ku Croatia ndi yosavuta kuipeza.

Kuchoka ku Spain, pitani ku Paraguay. Agustín Barrios anabadwa mu 1885, anayenda pafupifupi South America yonse ndi gitala, ndipo kwa zaka zingapo ankakwera pa siteji atavala nthenga ndi zovala za Aguaraní, akudzitcha Nitsuga Mangoré. Nitsuga ndi Agustín wowerengedwa chobwerera. Ankaliza pa nsambo za waya pamene akatswiri a ku Ulaya ankazinyoza. Andrés Segovia, amene mawu ake anali lamulo pa gitala nthawi imeneyo, sanajambulepo nyimbo zake. Barrios anamwalira ku El Salvador mu 1944, dziko linamuiwala ndithu, mpaka John Williams yemwe uja anatulutsa chimbale cha nyimbo zake zokhazokha mu 1977. Lero nkhope yake ili pa ndalama ya ku Paraguay. Yambani ndi Julia Florida, yofatsa ngati bwato pa madzi odekha. Mukaikonda pitani pa La Catedral, ya zigawo zitatu. Chachiwiri chimayenda ngati kwaya ikulowa m'tchalitchi, chachitatu chimathamanga osapuma ngati watuluka pakhomo n'kugwera mu msika. Ngati mungapeze Berta Rojas, wa ku Paraguay komweko, akuliza, tengani imeneyo.

Heitor Villa-Lobos wa ku Brazil tingomutchula mwachidule. Prelude yake yoyamba, mwa zisanu zimene analemba mu 1940, imatembenuza zinthu, nyimbo imaimbidwa ndi nsambo zonenepa, zopyapyala n'kumangoperekeza. Mwiniwake ankaliza cello, ndipo zimamveka. Pa sipika ya foni musayese n'komwe.

Ziwiri zina zibwerera ku Africa, iliyonse ndi njira yake. Derek Gripper wa ku Cape Town anatenga nyimbo za kora, chida cha ku Mali cha nsambo 21, makamaka za Toumani Diabaté, n'kuzipanikiza pa nsambo 6 za gitala. Chimbale chake cha 2012 ndi One Night on Earth, ndipo Jarabi ndi poyambira pabwino. Inayo ndi El Decamerón Negro ya Leo Brouwer wa ku Cuba, ya 1981. Nthano zake ndi za ku West Africa, anazisonkhanitsa Mjeremani Leo Frobenius, Mkyuba anazisandutsa nyimbo, analembera Sharon Isbin wa ku America, ndipo ife zitifika pa YouTube titagula bandulo. Ulendo umenewo umatiseketsa ndi kutipweteka nthawi imodzi. Si yophweka ngati zinazi, choncho yambani ndi gawo lake lomaliza, la namwali wogwa m'chikondi, limene lili ndi nyimbo yoti mungaing'ung'udze.

Mwaona kuti Concierto de Aranjuez sitinaitchule, pamene ena onse amaiika pamwamba. Si kuti tiida. Joaquín Rodrigo anachita khungu ali ndi zaka zitatu, ankalemba nyimbo zake m'zilembo za akhungu, anali wa piyano osati wa gitala, ndipo mu 1939 analemba nyimbo ya gitala yotchuka kuposa zonse. Gawo lake lapakati lingaliritse munthu wamkulu. Koma mmenemo muli gulu lonse la oimba, nyimbo imayambitsidwa ndi chitoliro, gitala n'kumayankha. Mungaikonde kwambiri osaphunzira kalikonse za chala chachikulu. Idikire mwezi wachiwiri. Chaconne ya Bach idikire kuposa apo. Inalembedwera vayolini, Segovia anailiza pa gitala ku Paris mu 1935, ndipo imatenga pafupifupi mphindi 14. Ife eni ake sitinaiikepo pa wailesi, chifukwa ikanatisiyira mphindi imodzi yopereka moni ndi kutsazika.

Pali chitsutso china chimene sitingachidumphe, chifukwa chinachokera kwa mnzathu pa msonkhano wa mapulogalamu, ndipo chili ndi mano. Anati oimba a m'komboni muno amagona pakhomo pa wailesi kupempha kuti nyimbo yawo ilire kamodzi, inu mukupereka nthawi kwa akufa a ku Spain. Wailesi ya anthu a m'dera ndi ya anthu a m'dera. Tinayankha kuti sabata ili ndi mphindi 10,080, ife titengako 15, usiku umene palibe aufuna. Yankho limenelo ndi loona koma ndi laulesi, ndipo tinadziwa. Lenileni ndi lakuti magitala m'komboni alimo. Ali m'matchalitchi, ali pansi pa mabedi, ena apachikidwa pa msomali. Anyamata ndi atsikana ambiri amene amawagwira adziwa makodi atatu okwapula poperekeza kwaya, ndipo palibe anawauzapo kuti chida chomwecho chingaime pachokha. Dziko limene msewu wa ku nyumba ya ZNBC uli ndi dzina la Alick Nkhata, woimba ndi gitala amene analinso muulutsi, siliyenera kufika poti gitala tiimve ngati kachidutswa kodulidwa mu kompyuta basi. Sitida zopanga pa kompyuta, Lachisanu timavina nazo. Koma amene wamva Masanga ndi Barrios akabwerera ku kalindula ya P.K. Chishala amayamba kumva magitala akukambirana kumbuyo kwa mawu, chinthu chimene kale chinkangomudutsa.

Mnzathu uja sanakhutire, ndipo tinagwirizana pakati. Tinalengeza kuti aliyense wa m'dera lino amene angalize nyimbo ya gitala yokha, yake kapena ya wina, abwere, mphindi zathu ndi zake. Panapita miyezi osabwera munthu. Mwezi watha kunabwera mnyamata wa giredi 11 ndi gitala ya ku tchalitchi kwawo, yokulungidwa m'chitenje cha amake. Inali ndi nsambo zisanu, yachinayi inaduka kalekale. Anati anasankha Romance chifukwa mbali yake yoyamba pafupifupi siikhudza nsambo imeneyo. Anaiphunzira pa foni ya mlongo wake, kuimitsa vidiyo ndi kubwereza, malaiti akakhalapo. Mbali yachiwiri sanaidziwe, imafuna kutambasula zala kwambiri, ndiye analiza yoyamba kawiri n'kuima. Panali pamene zala zinatsetsereka, ndipo mpando wathu wa mu situdiyo unalira pakati pa nyimbo. Anati adzabweranso akapeza ya nsambo.

Foni inalira asanatuluke. Anali abambo ena, ankafuna kudziwa kuti ameneyo ndi mwana wa ndani.